Bulangeti silikonza chishalo chopana hatchi

Nyengo ino ndaona mahatchi ambiri ali ndi timadontho ta ubweya woyera pamwamba pa mapewa, uku ndi uku. Eni ake amati ndi mmene inabadwira. Ayi ndithu. Ubweya woyerawo ndi chipsera. Chishalo chakhala chikukanikiza pamalopo mpaka magazi kulephera kuyenda bwino, ndipo kawirikawiri mtundu wakale subwereranso.

Chimene chikundiwawa ndi zomwe ambiri mukuchita mukaona kuti chishalo sichikukhala bwino. Mumapinda bulangeti kawiri, katatu, n'kuliyala pansi pake, basi mwathana nazo. Ngati chishalocho n'chopapatiza kale, bulangeti limangodya kampata kotsalako, ndiye chimapana kuposa poyamba. Khungu limatupa, kenako limanyuka, ndipo hatchi imakhala masabata osakwereka inu mukugula mankhwala. Minofu ya pamapewa nayo imafota chifukwa hatchi imayenda modziteteza. Chizolowezi chimenechi tidzachisiya liti?

Bambo wina anandiitana kuti hatchi yawo yayamba makani. Ikangoona chishalo imagoneka makutu, pomanga lamba wa pamimba imafuna kuluma, pamtsetse imakana kutsika. Chikwapu chatsopano anali atagula kale. Titachotsa chishalo, msana wonse unali thukuta lokhalokha kupatula malo awiri ouma gwaa, kukula kwake ngati chikhatho. Nditadina pamenepo ndi chala, hatchi inafwamphuka n'kupinda msana. Iwo akuti, "Komatu chishalochi chinali cha malemu bambo anga, chakwerera mahatchi atatu." Sindikutsutsa. Koma hatchi iliyonse ili ndi msana wake, ndipo ngakhale imodzi yomweyo imasintha ikaonda kapena kunenepa. Hatchiyo inkamenyedwa chifukwa chodandaula ululu.

Kuti muone ngati chikukwana, ikani chishalo pamsana popanda bulangeti. Chikhale kumbuyo kwa fupa la phewa, ndipo zala ziwiri kapena zitatu zilowe pakati pa chishalo ndi chitunda cha pamapewa, ngakhale munthu atakwera. Chisakhudze fupa la msana paliponse, chisapitirirenso nthiti yomaliza, ya 18. Lowetsani dzanja pansi pake, mumve ngati pali pothina. Hatchi ya zilonda ipume kufikira zitapola, ndipo muitane dokotala wa ziweto ngati patupa. Chishalo chosakwanacho chipite kwa wokonza zishalo kapena chisinthidwe.