Kope la tsiku ndi tsiku looneka ngati la makedzana, mungalipange bwanji kuti likhale lanulanu

Chaka chatha ndikusanthula mu sutikesi ya malata ya agogo kwathu ku Mitundu ndinapeza kalata yomwe agogo aamuna analemba ali ku Joni nthawi ya Wenela, pepala lake lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, mopindamo mutayamba kung'ambika, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinangofuna kuti kope langa lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku lizioneka choncho basi. Anzanga akaliona amafunsa kuti ndimapanga bwanji, ndiye tiyeni ndikuuzeni.

Choyamba musathamangire pa Pinterest, tsamba lija la zithunzi la pa intaneti, kukakopera za eni. Zokongola zilipo ndithu koma zambiri ndi Eiffel Tower ndi mapositikhadi a ku Paris, pomwe zakale zathu zili pompano, m'masutikesi ndi m'zitini za kwa makolo. Pitani mukapemphe muone nawo makalata, zitupa, makhadi a mpingo, zithunzi za ku situdiyo zija munthu ataima pafupi ndi mpando wamaluwa, muone chomwe chikukugwirani mtima, kaya ndi mtundu wa pepala, kaya kalembedwe, kaya sitampu. Sitayilo yanu iyambire pamenepo.

Za mapepala. Kope wamba la ku sukulu mapepala ake ndi opyapyala, mukawanyowetsa amang'ambika, ndiye ine ndimagula hadikava ku Old Town, kenako mapepala a A4 ndimawanyika mu tiyi padera nkuwamata mkatimo, ena amawapinda pakati nkusoka ndi singano ndi ulusi kukhala kabuku, zonse zimatheka. Thirani masupuni atatu a masamba a Chombe m'kapu imodzi ya madzi owira, shuga ayi chonde mungaitane nyerere, dikirani azizire nkusefa. Pepala lija likwinyeni kaye m'manja, litambasuleni, kenako pakani tiyi ndi kansalu, mudzaona mokwinyika muja mukuda kuposa pena ponse ndipo ndi zimenezo zimalipangitsa kuoneka lokalamba. Mukafuna lodera kwambiri bwerezani kawiri kapena gwiritsani khofi. Yanikani, likauma yalani nsalu pamwamba nkusita ndi simbi yosatentha kwambiri. Ntchito imeneyi pangani nthawi ya dzuwa, September kapena October, munyike ambiri musunge, chifukwa mu January mvula ili tsiku ndi tsiku pepala silimauma bwino ndipo limachita nkhungu. Zootcha m'mphepete ndi kandulo ine sindizikonda, zimaoneka zopanga, bola kung'amba ndi manja pang'onopang'ono.

Tsopano zomatamo, apa ndi pomwe pali kukoma. Matelala a ku Kawale kapena mumsika waukulu amakhala ndi tizidutswa ta zitenje tomwe amangotaya, pemphani, sankhani tosuluka mtundu. Malisiti, matikiti a basi, tsamba la magazini ya Moni yakale, envulopu yokhala ndi chidindo cha ku positi ofesi, zonsezo ndi chuma. Mukapeza sitampu yolembedwa Nyasaland dziwani kuti ndi ya dziko lisanalandire ufulu mu 1964, isungeni bwino. Ndalama zachitsulo nazonso, kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971 m'malo mwa mapaundi ndi mashileni, ndiye ngati kunyumba kuli ka 1 tambala kaja ka tambala mbali ina nkhope ya Kamuzu mbali inayo, kaikeni pansi pa pepala nkukhwekhwereza pensulo pamwamba mopepuka, chithunzi chimatuluka chokha bwinobwino. Maluwa a jakaranda omwe amangoti mbwee m'misewu ya Lilongwe nthawi yotentha tolani angapo, ikani pakati pa nyuzipepala, tsindirani ndi buku lolemera kwa masabata awiri, mtundu wake umazilala koma ndi zomwe tikufunazo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, chithunzi chenicheni cha agogo kapena kalata yeniyeni musamate m'kope. Tiyi ali ndi asidi yemwe amadya pepala pakapita zaka, selotepi nayo imasanduka yachikasu nkusiya banga losachoka. Kapangitseni fotokope ya kala, mumate imeneyo, yeniyeniyo ibwerere komwe inali. Pomata gwiritsani guluu wa sitiki, phala la ufa wa chinangwa limamata inde koma mphemvu ndi njenjete zimalikonda.

Polemba dikirani pepala liume gwa, peni ya inki imafalikira pakakhala chinyezi ngakhale pang'ono, bolopeni yakuda ilibe vuto. Yesani kulemba molumikiza zilembo ngati mmene ankalembera akuluakulu ophunzira ku mishoni, tsiku ndi malo pakona kumanja, Area 25, Lachitatu, ndipo ine masiku ena ndimayamba ngati kalata zakale zija zoti ine kuno ndili bwino kaya inu kumeneko, ngati ndikulembera munthu, mawu amabwera mosavuta kusiyana ndi kungoyang'ana tsamba lopanda kanthu.

Nanga mudziwa bwanji kuti sitayilo yanu ndi iti? Dzipatseni masabata atatu. Sabata yoyamba lembani mawu okhaokha pa pepala lonyika, yachiwiri dzazani zomata mawu akhale ochepa, yachitatu kamodzi kokha komata pakona kwinako mawu. Kenako tsegulani muone masamba omwe mukuwabwerera komanso omwe simunatope powapanga, chifukwa tsamba lotenga maola awiri munthu wochokera ku ntchito wapanikizika mu minibasi mpaka madzulo sangalikwanitse tsiku lililonse, kope limathera panjira. Mukazindikira sankhani mitundu iwiri kapena itatu mukakamire yomweyo. Ine ndinatsalira pa bulauni wa tiyi, inki yakuda ndi kachidutswa kamodzi ka chitenje chabuluu, mnzanga wina wa ku Biwi iye samata kalikonse, amangojambula nyumba zakale za ku Old Town ndi pensulo nkulemba mizere itatu pansi pake.

Usiku kope ndimalitsekera mu chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, kutali ndi khoma, chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Kalata ya agogo ija ndinaibweza mu sutikesi ku Mitundu, fotokope yake ili pa tsamba loyamba, ndipo pansi pake ndinalemba yankho langa kwa iwo, lomwe linafika masamba anayi.