Makolo akabwera ku Joni: mmene mungawayendetsere pagalimoto mpaka ku Durban

Chibwerere kuno ku Matawale kudzapuma, anthu atatu andifunsa funso limodzi: "Kodi amayi anu munawafikitsa bwanji kunyanja yamchere ija?" Amayiwo ndi amene afalitsa nkhaniyi. Zithunzi zaonetsedwa ku Mvano, kumsika wa Mpondabwino, mpaka kwa mnyamata wotigulitsa makala. Ndiye kwa anzanga okhala ku South Africa amene mukufuna kuitana makolo, nazi zomwe ndinachita nditalandira amayi ndi amalume mwezi wa Julaye, pamodzi ndi zomwe ndinaphonya.

Yambani ndi mapepala, za galimoto zibwera pambuyo. Mwini pasipoti ya Malawi amalowa m'dzikolo popanda viza kwa masiku 30. Tsiku lotulukira muliwerenge pa chidindo chomwe adindiridwa pachipata, osati kuwerengera m'mutu. Wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chathunthu, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30, chiletsocho chimafika zaka 5. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Atumizireni kalata yowaitana yokhala ndi keyala yanu ndi nambala ya foni, ndipo tikiti yobwerera akhale nayo m'manja.

Basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge imadya usana ndi usiku n'kupitirira. Amayi ali ndi zaka 68 ndipo miyendo imawatupa, choncho ndinadzimana miyezi ingapo kuti akwere ndege pa Chileka, ya maola osakwana atatu kukatera pabwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg. Kaya abwera pa chiyani, masiku atatu oyamba asayende. Agone, acheze ndi zidzukulu, thupi lizolowere mphepo.

Mphepoyo musaipeputse. Ife a ku Zomba timadzitama kuti kuzizira timakudziwa chifukwa cha Ku Chawe, koma Julaye wa ku Johannesburg amaundanitsa madzi pagalasi la galimoto. Ndinawauza amayi kuti atenge zofunda, iwo n'kubwera ndi juzi imodzi ndi zitenje zisanu. Gulirenitu majekete ndi masokosi asanafike. Mankhwala a BP kapena a shuga abwere okwanira ulendo wonse, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Wina akangotentha thupi, muuzeni dokotala msanga kuti wachokera ku Malawi, poti ku Johannesburg kulibe malungo ndipo sangawaganizire poyamba. Laini ya foni ya kumeneko imafuna kulembetsa, amati RICA, ndiye popita kokagula tengani pasipoti yawo ndi umboni wa komwe mukukhala.

Galimoto yanga ndi yaing'ono, ndinachita kubwereka ya mipando 7 kukampani. Amafuna khadi ya ngongole ya kubanki, ndipo musanatuluke pageti, ijambuleni galimotoyo mbali zonse ndi foni, pena paliponse pokalika. Kumeneko amayendera kumanzere ngati kwathu kuno, ndiye amalume, omwe anayendetsapo malole a fodya zaka zambiri, anafuna chiwongolero. Vuto n'lakuti inshulansi imateteza okhawo amene alembedwa papepala lobwerekera. Malume sumuuza kuti ayi maso ali gwa. Ndinawapatsa mpando wakutsogolo, mapu ndi kachikwama ka ndalama zolipira pamsewu, n'kunena kuti, "Amalume, ine msewu uwu umandisokoneza, mundithandize inu." Ulendo wonse anali bwana wa njira.

Msewu wa N3 kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Durban ndi wa makilomita pafupifupi 570. Foni ikuuzani kuti ndi maola 6. Musaimvere. Ndi makolo, ulendowu ndi wa masiku awiri, kugona panjira. Zipata zolipira zonga za pa Chingeni ndi Kalinyeke zilipo zisanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Sungani marandi m'manja, komanso timasiliva topatsa othira mafuta ndi olondera galimoto poimika.

Chachikulu chomwe ndinaphunzira ndi ichi. Kholo silingauze mwana wake, makamaka wamwamuna, kuti likufuna kukadzithandiza. Lipirira mpaka kudwala. Tsiku loyamba ndinkangofunsa kuti, "Amayi, tiime?" Iwo n'kumati, "Iyayi mwanangu, tiyeni tizipita." Titafika pa Harrismith mkazi wanga ndiye anandinong'oneza kuti amayi asiya kumwa madzi kuyambira m'mawa poopa kuvutitsa. Kuyambira pamenepo sindinafunsenso. Maola awiri akakwana ndimangokhotera pamalo othira mafuta n'kunena kuti, "Msana wandiwawa, tiyeni tonse tiwongole miyendo." Kutopako kuzikhala kwanu, osati kwawo.

Kungodutsa Harrismith pali chitsikiro cha Van Reenen. Tangoganizani msewu wotsika kuphiri kwathu kuja, koma wodzaza malole akuluakulu, nthawi zina ndi nkhungu yoti kutsogolo osaona. Tsikanipo dzuwa likadalipo.

Za chakudya ndinachita manyazi. Usiku woyamba tinagona malo opanda khitchini, n'kudya nkhuku ndi tchipisi. Titamaliza amalume anapukuta m'manja bwinobwino n'kufunsa kuti, "Mphwanga, ndiye lero tigona ndi njala?" Ku Durban ndinasaka nyumba yodziphikira tokha. Ufa si vuto, nsima kumeneko amaitcha pap ndipo m'sitolo iliyonse mupeza wa Ace kapena White Star, ngakhale amayi amati sufika pa ufa woyera wa kuchigayo cha kwathu. Chosowa ndi mthiko ndi chipande. Muziike m'galimoto pamodzi ndi poto wolimba. Abale akamanyamula usipa, matemba a ku Chilwa kapena nandolo, auzeni kuti akanene kwa a kasitomu pofika, chifukwa zanyama ndi zakumunda zili ndi malamulo ake ndipo zina zimatha kulandidwa.

Malo oti muone musachulutse. Ine ndinalemba 11, tinaona 4, ndipo amene anawagwira mtima ndinawapatsa mphindi 20 zokha pa ndondomeko yanga. Pafupi ndi tauni ya Howick, pamsewu wa R103, pali pomwe apolisi anagwirira Nelson Mandela pa 5 Ogasiti 1962. Anazikapo zitsulo zitalizitali 50, zomwe ukaima pamalo oyenera zimalumikizana n'kuoneka nkhope yake. Amalume anavula chipewa n'kukhala pabenchi. Kenako anayamba kusimba za agogo anga, bambo awo, amene anapita kumigodi ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, n'kugwira ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri osaionako nyanja ya dziko lomwelo. Anasimbanso za ndege yonyamula anthu a kumigodi imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa Wenela. Nkhani zimenezi ndinali ndisanazimvepo chibadwire. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Mathithi a Howick tinawadumpha, amayi atanena kuti, "Madzi ogwa tili nawo pa Williams."

Ku Durban ngakhale mu Julaye kumafunda, majekete aja amavulidwa. Posamba, lowani pakati pa mbendera zomwe opulumutsa anthu azika, chifukwa mafunde ake si a ku Mangochi, amakoka miyendo. Amayi anangokwinya chitenje mpaka m'maondo, natunga madzi m'dzanja n'kulawa. "Iii, wa ku Chilwa uja ndi mchere wamasewera." Amalume anakhutira ndi bwalo la Moses Mabhida, lomwe ankangoliona pa kanema nthawi ya mpira wa dziko lonse mu 2010. Lamulungu musaikepo ulendo. Funsiranitu komwe kuli tchalitchi, apo ayi mudzamva kuti mwana analowerera kunja.

Ndalama za m'thumba muwapatse mwakachetechete tsiku loyamba, aliyense envulopu yake, mamuna ndi mkazi osaonetsana kuchuluka. Ndalama zakunja n'zovuta kupeza kwathu kuno, ndipo munthu wamkulu safuna kupempha mwana nthawi iliyonse akaona mpango wokongola. Mukabwerera ku Johannesburg siyani tsiku lathunthu logula mphatso, chifukwa mndandanda wochokera kumudzi umakhala utabisidwa m'Baibulo chifikire. Bwerekani sikelo muyeze zikwama muli kunyumba, osakamasula mabulangete pabwalo la ndege anthu akuona, monga tinachitira ife.

Ngati amayi anu nawonso atunga madzi a m'nyanja, botololo lilowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, mutalimata pakamwa ndi kulikulunga m'majumbo awiri. Cham'manja saloleza zamadzi zoposa mamililita 100. Lathu linafika bwinobwino, lili m'kabati pambali pa makapu a alendo, ndipo dzulo ndinapeza amayi akulawitsa a mfumu ndi kasupuni.