Momwe mungayesere kalaputopu kakang'ono musanapereke ndalama

Sukulu zikamatsegulira, ophunzira a ku Mzuni ndi a m'makoleji ena a mu Mzuzu muno amakhala kalikiliki kusaka laputopu yotchipa. Zimene amakumana nazo kawirikawiri m'mashopu a m'tauni komanso m'magulu a WhatsApp ndi timalaputopu tating'ono tija totchedwa netbook. Ine timeneti sinditinyoza. Ndi topepuka, timalowa m'chikwama cha mabuku mukamakwera kabaza kupita ku Luwinga, ndipo timadya magetsi ochepa moti ngakhale sola yaing'ono yokhala ndi inveta imatitchaja. Koma tinapangidwira ntchito zopepuka basi, ndipo wogula osadziwa zimenezi amalira.

Yambani ndi kudzifunsa ntchito imene mukufunira kamakinako. Ngati ndi kulemba ma asayimenti, kuwerenga ma PDF, kapena kusunga mabuku a ndalama a kagolosale kanu ku Chibavi, kakukwanirani. Ngati mukufuna kukonza mavidiyo a maukwati, kujambula mapulani a nyumba pa AutoCAD, kapena kuphunzira pa Zoom tsiku lililonse, sungani ndalama zanuzo muonjezere.

Kenako dziwani m'badwo wake, chifukwa pamsika pali mitundu iwiri imene ogulitsa amangoitchula dzina limodzi. Takale tinayamba ndi Asus Eee PC mu 2007, ndipo kunabwera Acer Aspire One, HP Mini ndi Samsung NC10. Tambiri tili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Atom, sikirini ya mainchesi 10, ndi RAM (pamene kompyuta imasungira zimene ikugwira pa nthawiyo) ya 1GB imene imatha kukwezedwa mpaka 2GB yokha. Asus ndi Acer anasiya kupanga timeneti chakumapeto kwa 2012, ndiye kalikonse kamene mungakaone kadutsa zaka khumi. Tatsopanoko, monga HP Stream 11, tili ndi purosesa ya Celeron ndipo timathamangako, koma tili ndi vuto lawolawo: posungira zinthu, potchedwa eMMC, pamangokhala 32GB kapena 64GB, ndipo pamamatidwa pa bodi pamodzi ndi RAM, osatheka kusintha. Windows 10 ikangodzikonza kangapo, 32GB ija imadzadza musanaikemo n'chithunzi chomwe. Ka 32GB ndingakulangizeni kukasiya.

Musadalire chomata cha pachivindikiro kapena mawu a wogulitsa. Kayatseni nokha, dinani kumanja kwa mausi pa Computer kapena This PC, sankhani Properties. Pamenepo muona dzina la purosesa, kuchuluka kwa RAM ndi mtundu wa Windows. Ngati ndi Windows 7, dziwani kuti Microsoft inasiya kuitumizira zoteteza mu Januwale 2020, ndipo Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti, inasiya kulandira zatsopano pa Windows imeneyi itafika pa nambala 109. Windows 10 nayo thandizo lake linatha pa 14 Okotobala 2025. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi posungira pa 64GB, choncho pa Atom musaiyembekezere.

Tsopano batire, ndipo apa musafulumire. Ubwino waukulu wa netbook unali kukhalitsa ndi moto, koma batire ya zaka zambiri imakhala itatopa. Pemphani wogulitsa azule chaja, inu mutsegule vidiyo, muwalitse sikirini, muyang'anire kwa mphindi 20. Mukaona moto ukutsika modumphadumpha, kapena kamakina kangothima mwadzidzidzi, batireyo yatha. Pa Windows 8 kupita m'mwamba muthanso kutsegula Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport, ndipo lipoti lake limaonetsa mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Kwathu kuno kumene magetsi amathima osatsanzika, laputopu yogwira ntchito pokhapokha ili pa soketi yataya theka la phindu lake. Ndipo batire yatsopano ya makina akale chotere siipezeka wamba. Wogulitsa akakana kuti muzule chaja, yankho mwalipeza kale.

Mukatero tsegulani Notepad, mudine batani lililonse, kenako mulembe ndime yathunthu. Kiyibodi ya netbook ndi yopanikizika, ndipo amene ali ndi zala zikuluzikulu amatopa msanga. Sikirini ya takale tija ndi ya 1024 x 600, moti mawindo ena amabisa batani la OK pansi. Yatsani hotspot ya foni yanu, kaya ya TNM kaya ya Airtel, muone ngati WiFi ikugwira. Lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB, tsegulani ndi kutseka chivindikiro kangapo kuti mumve mahinji, ndipo suzumirani m'mabowomo ngati mulibe dzimbiri, poti chinyezi cha Mzuzu sichisiya zitsulo. Polowetsa DVD musasake, palibe.

Funsaninso kumene kachokera ndipo mulembetse lisiti yokhala ndi nambala yake ya seriyo imene imapezeka pansi. Malaputopu obedwa m'mahositelo amayenda ndi mtengo wokoma, koma mlandu umagwera amene wapezeka nayo.

Mukagula ka Atom kokhala ndi hadi disiki wamba ya mainchesi 2.5, pitani kwa amisiri a makompyuta akaikemo SSD (posungira zinthu pothamanga kuposa hadi disiki) ndi kukweza RAM kufika 2GB. Kusintha kwake mudzakuona kakamayaka ndi potsegula mafayilo, ngakhale YouTube idzakhala ikudodomabe chifukwa purosesayo ndi yomweyo. Mmalo mwa Windows yakale, apempheni akuikireni Linux (pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta) yopepuka monga antiX, imene imayenda ngakhale pa Atom N270 ya 32-bit, pamodzi ndi LibreOffice yolembera. Pa intaneti tsegulani masamba awiri kapena atatu okha nthawi imodzi, ndipo ntchito yanu ya kusukulu muziikopera pa fulashi kapena pa Google Drive sabata iliyonse.