Momwe mungakhalire ndi bwalo lobiriwira popanda kumaliza madzi

Kumadera otentha ndi ouma, kapinga wambiri amawonongeka chifukwa cha kathiriridwe kolakwika. Wowaza timadzi tsiku ndi tsiku amanyowetsa pamwamba pokha, mizu nkumangokhala pomwepo osalowa pansi, ndipo mpopi ukangouma masiku atatu kapinga amapserera. Ntchito yonse yagona pa kutsitsa mizu kumene chinyezi chimakhalitsa.

Yambani ndi kuchepetsa malo a kapinga. Nthawi yotentha kwambiri amafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, omwe ndi malita 25 pa sikweya mita iliyonse. Bwalo la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi limamwa malita 2,500 pa sabata, pamene la mamita 5 ndi 4 limakwana ndi malita 500. Siyani kapinga pokhapo pamene ana amasewera kapena pamene mumakhala madzulo.

Kenako konzani dothi. Tipulani kufika masentimita 20, chotsani miyala ndi zigumu za simenti, ndipo sakanizanimo manyowa okupsa bwino, pafupifupi wilibala imodzi pa sikweya mita. Manyowa amathandiza dothi lamchenga kusunga madzi, ndipo amafewetsa dothi lamakande kuti madzi alowe. Osapsa amawotcha mizu komanso amabwera ndi njere za udzu wosafunika. Salazani mwakuti madzi aziyenderera kuchoka kukhoma la nyumba kupita ku zomera.

Kapinga wopirira chilala amene amadziwika kwambiri ndi uja woyanga, Cynodon dactylon, amene kwina amamutcha Bermuda. Dzalani timphukira take motalikirana masentimita 20 mpaka 30, makamaka mvula ikamayamba. Masabata awiri kapena atatu oyamba ndi okhawo amene muyenera kuthirira tsiku lililonse, ndipo akagwira yambani kutalikitsa masiku. Amafuna dzuwa la maola osachepera 6, choncho pansi pa mtengo wamthunzi musadzivutitse naye. Amayanganso pansi pa nthaka nkulowerera m'mabedi a maluwa, ndiye mutsekereni ndi njerwa zokwiriridwa kufika masentimita 20.

Tsopano kuthirira, pamene ambiri amataya madzi. Ikani zitini zitatu kapena zinayi zosapendekeka m'mbali pamalo osiyanasiyana pa kapinga, tsegulani chowazira, ndipo onani mphindi zimene zapita kuti madzi afike masentimita 2.5 m'chitini. Mphindi zimenezo ndizo mlingo wanu wa sabata yonse. Chitini china chikadzaza msanga kuposa zinzake, ndiye kuti chowazira chikukondera mbali imodzi, chisunthidwe.

Dothi lamchenga silisunga madzi, choncho mlingowo muugawe pawiri pa sabata. Lamakande limamwa pang'onopang'ono: mukangoona madzi ayamba kuyenderera, tsekani, dikirani theka la ola, tsegulaninso mpaka mlingo ukwane. Pakapita maola angapo bayani kachitsulo pansi. Kakalowa mosavuta masentimita 15, madzi afika kumizu. Kakakanirira pa masentimita 5, mwangonyowetsa fumbi.

Thirirani m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Masana madzi ambiri amauma asanalowe, pamene usiku masamba amagona onyowa ndipo matenda a nkhungu amapezerapo mwayi. Musayendere tsiku la pakalendala lokha ayi. Pondani kapinga nkutembenuka: ngati mapazi anu akuonekabe, masamba osadzuka, ndipo mtundu wake wayamba kutuwa, nthawi yothirira yakwana.

Potchetcha musamete mpala. Siyani masentimita 4 kapena 5 kuti masamba aziphimba nthaka, ndipo paulendo umodzi musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Zodulidwazo zikakhala zazifupi zisiyeni pomwepo, zimabwezera chonde. Feteleza nthawi ya chilala musathire, chifukwa amatulutsa masamba anthete ofuna madzi amene mulibe.

Malo otsalawo dzalani zomera zopirira monga aloe, bougainvillea ndi udzu wa vetiva, womwe umagwiranso nthaka pamalo otsetsereka. Zofuna madzi ofanana zikhale pamodzi, kuti musamize aloe pofuna kupulumutsa duwa laludzu. Nthaka yonse yapakati phimbirani ndi masamba ouma, makungwa kapena udzu wopanda njere, kuchindikala masentimita 5 mpaka 8. Zophimbirazo zisakhudze tsinde, siyani mpata wa masentimita 10 kuti lisawole, ndipo zitalikire khoma la nyumba poopa chiswe. Miyala ing'onoing'ono ndi yabwino m'tinjira, koma imasunga kutentha, ndiye pafupi ndi zenera la chipinda chogona siyoyenera. Pepala lapulasitiki pansi pake timaliletsa, chifukwa limatchinga mvula ndi mpweya.

Mtengo wongodzala kumene muukonzere beseni la dothi kuzungulira tsinde. Njira ina yosawononga madzi ndi kukwirira mtsuko wadothi wosapaka utoto mpaka m'khosi, pafupi ndi mizu, kuudzaza madzi nkuvindikira. Madzi amatuluka pang'onopang'ono dothi likamauma. Madzi a padenga nawonso musawataye: denga la masikweya mita 80 limatsitsa pafupifupi malita 800 pa mvula ya mamilimita 10.

Madzi akasoweratu, kapinga woyangayu amasanduka wofiirira ngati wafa, koma nthawi zambiri amakhala atangogona. Zulani katsinde kamodzi muone zoyanga zake za pansi: zikakhala zoyera ndi zolimba, ali moyo. Musamutchetche, chepetsani kumuponda, ndipo mumwetseni mokwanira kamodzi pa masabata atatu kapena anayi mpaka mvula itabwera.