Kuphunzitsa kwaya yaing'ono kuimba Sicut cervus popanda zoimbira

M'kwaya ya anthu 16 mulibe pobisala: mmodzi akaphonya, holo yonse imamva. Yambani ndi kagawidwe ka mawu. Asoprano 5, aalto 4, atenala 3 ndi abesi 4 amakwanirana bwino. Atenala ndiwo amasowa, koma alto wa mawu otsika angathe kuwathandiza.

Nyimbo yabwino yoyambira ndi Sicut cervus ya Palestrina, wopeka nyimbo wa ku Italy amene anamwalira ku Rome mu 1594. Mawu ake ndi a Salimo 42 m'Chilatini. Tenala amayamba yekha, kenako alto, soprano, besi pomalizira, aliyense akutengera chiganizo cha mnzake. Palibe gawo longoperekeza, choncho musaphunzitse soprano kaye n'kumamatirapo enawo. Onse aimbe chiganizo cha tenala pa solfa (do, re, mi) mpaka chikhazikike, kenako muwagawe.

Vuto lalikulu ndi kutsika kwa mawu kuchoka pa noti imene anayambira. Perekani noti pa kiyibodi poyamba, ajambuleni pa foni, ndipo akamaliza muimenyenso notiyo. Nthawi zambiri mupeza atsika theka la toni, womwe ndi mtunda wa pakati pa do ndi ti. Zimachitika chifukwa potsika kuchoka pa do kupita pa ti, kapena pa fa kupita pa mi, oimba amaponda patali, pomwe pokwera amaponda pafupi. Auzeni kuti potsika aziponda pafupi, pokwera azitambasula. China ndi mpweya: noti yaitali ikamatha mpweya utatha kale, mawu amagwa. M'gawo limodzi asapumire pamodzi. Wina apume mnzake akugwirizabe notiyo, ndipo alembe ndi pensulo pamene aliyense azipumira. Zikakanikabe, kwezani nyimbo yonse ndi theka la toni. Kawirikawiri zimenezi zimawadzutsa makutu.

Mavawelo asanu a Chilatini ndi omwewo a Chichewa, mwayi waukulu umenewu. Chovuta n'chakuti lilime lathu limafuna vawelo kumapeto, ndiye m'mawu a nyimboyi sicut imatuluka ngati "sikuti", fontes ngati "fontesi", n'kuwonjezera silabulo yomwe kulibe noti yake. T ndi s akhale aafupi, onse atsekere limodzi pa dzanja la wotsogolera.

Nyimbo ikagwira, aimitseni mozungulira ngati uta, mosakaniza magawo, aliyense ayandikane ndi wa gawo lina. Pa mphindi 15 zomaliza za pulakatisi, itanani anayi anayi, mmodzi pa gawo, aimbe enawo akumvetsera.