Kukaonera filimu ku sinema ukakhala ndi autism

Ukakhala ndi autism, ubongo umagwira ntchito mosiyanako ndi wa anthu ena, ndipo nthawi zambiri phokoso ndi kuwala zimakukulira msanga. Choyamba ndi phokoso abale, masipika a mu sinema amachita kugunda mpaka pachifuwa, ndiye osachoka pakhomo opanda mahedifoni otchinga phokoso kapena timapulagi ta m'makutu. Ine ndimavaliratu ndisanalowe chifukwa pogulira matikiti paja pamakhala fungo la popcorn, magetsi owala, ana akuthamangathamanga, ndipo mutu umayambira pomwepo kutentha filimu isanayambe n'komwe.

Tikiti gulirani pa intaneti, musankhe mpando wakumapeto kwa mzere kufupi ndi chitseko kuti zikakukulirani mungotuluka osavutitsa anthu khumi kuti apinde miyendo. Pitani masana mkati mwa sabata, Loweruka madzulo ayi ndithu. Trailer (kavidiyo kakafupi kotsatsa filimuyo) muionere kunyumba kaye, mudziwiretu ngati muli zophulika ndi zothwanima zambiri.

Amene muli ku UK zanu zili bwinoko, masinema a Odeon, Vue ndi Cineworld amakhala ndi ma autism friendly screenings (nthawi zoonetsa filimu zokonzera anthu a autism), magetsi sazimitsa onse, voliyumu amatsitsa, zotsatsa malonda samaika ndipo mutha kuimirira kapena kuyendayenda popanda okuyang'anani ndi diso loipa. Mufunsenso za CEA Card, ndi khadi imeneyo okuperekezani amalowa ulere.