Kugula galimoto yoyendapo kale kwa wogulitsa wa m'dera lanu

Ndine makaniko, ndipo masiku ano ntchito yanga yambiri ndi kuperekeza anthu kokagula galimoto. Ambiri amandifunsa ngati kuli bwino kuitanitsa okha ku Japan pa intaneti kapena kugula kwa awa ali ndi kampanda m'mbali mwa msewu. Ine mtima wanga uli kwa a kampanda, bola mudziwe kuwasankha.

Ndinakula m'nthawi ya Peugeot 504 ndi Datsun 120Y. Wogulitsa galimoto ku Limbe tinkamudziwa kwawo, mpingo wake, ngakhale sukulu ya ana ake. Galimoto ikavuta sabata yoyamba unkabwerera nayo, iye n'kuchita manyazi, n'kuitana makaniko wake kuti aikonze. Munthu amene mudzakhale naye pamaliro mawa zimamuvuta kukugulitsani injini yakufa. Ndimaisowa nthawi imeneyo, koma anthu otere sanathe, ndipo ndi amene muyenera kuwafunafuna.

Choncho yambani ndi munthuyo, galimoto ibwere pambuyo. Funsani amakaniko oyandikana naye, kaya ku Biwi ku Lilongwe kaya ku Ndirande, kuti wakhala pamalopo kuyambira liti. Mupempheni akulozereni anthu awiri kapena atatu amene anagula kwa iye, muwafunse kuti galimoto itavuta anawathandiza bwanji. Wogulitsa woona sakwiya ndi pempho limeneli. Amene alibe malo okhazikika, wongoti tikumane pa filling station, msiyeni ngakhale mtengo ukhale wokoma chotani.

Kenako mapepala, musanayatse n'komwe injini. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, zina zimadzera ku Beira kapena ku Durban. Ngati ikadali ndi nambala ya IT, sinalembetsedwe kuno, ndiye onani zikalata za MRA zosonyeza kuti msonkho unalipidwa wonse. Ngati inalembetsedwa kale, tengani blue book m'manja mwanu, muwerenge nambala ya chasisi chilembo ndi chilembo mukuyerekeza ndi yomwe inadindidwa pa chitsulo. Pa Toyota zambiri ili pansi pa mpando wakutsogolo kapena pa khoma la kuseri kwa injini. Pakaoneka zowotcherera kapena penti watsopano pozungulira nambalayo, nkhani yathera pomwepo. Onaninso dzina la mwini wake. Ogulitsa ang'onoang'ono ambiri amagulitsira anzawo, zomwe si zolakwika, koma mwini wakeyo aoneke. Pali galimoto zina zomwe zinapinyolitsidwa kwa akatapila kapena ku banki, ndipo eni ngongole akabwera amalanda kwa amene akuiyendetsa.

Galimotoyo mukaione m'mawa injini isanatenthe, chifukwa injini yozizira imaulula zonse. Mukaipeza yayatsidwa kale, funsani chifukwa. Poliza yang'anani utsi: wa buluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosaleka ndiye kuti madzi akulowa mu injini. Tsegulani chotsekera oyilo. Mukaona zoyererako ngati phala la mkaka, gasketi inapita. Magetsi a pa dashibodi ayake onse mukatembenuza kiyi, kenako azime injini ikalira. Ngati la check engine kapena la airbag silikuyaka n'komwe, mwina wina analichotsa dala. Makilomita musawakhulupirire kwambiri, amabwezedwa. Ine ndimayang'ana kutha kwa chiwongolero, mphira wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala. Wogulitsa akakhala ndi auction sheet ya ku Japan, pepala lofotokoza mmene galimotoyo inalili poigulitsa pa okushoni, chilembo R chimatanthauza kuti galimotoyo inakonzedwapo itachita ngozi.

Poiyesa musakhutire ndi phula losalala. Ikwere chitunda, idutse msewu wafumbi wamabampu, wailesi ili yozimitsa. Vitz, Sienta, Note ndi Fit zambiri zili ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT. Ikamanjenjemera ponyamuka kapena kulira mokweza liwiro losawonjezeka, dziwani kuti kukonza kwake kudzakudyerani ndalama zambiri. Gwadani muone kunsi ngati kuli dzimbiri kapena oyilo wodontha. Ndipo galimoto yotsika kwambiri, ngakhale ikongole, siyenera munthu wopita kumudzi nthawi ya mvula. Pa mfundo imeneyi ndimakangana ndi achinyamata pafupipafupi.

Pa mtengo musamuone wogulitsa ngati mdani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, iwonso anavutika kuitanitsa katundu wina, chifukwa ku Japan amagula ndi madola. Nenererani ndithu, koma ndi zifukwa: matayala atha, batire ndi lofooka, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) yatsala pang'ono kutha. Zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, tsiku, mtengo, nambala ya chasisi, ndi zomwe walonjeza kukonza, mboni zisaine. Mdala wokhulupirika sakana kulemba.

Ndalama perekani kudzera ku banki kuti pakhale umboni, ndipo gawo lomaliza mumalize tsiku losintha umwini. Pitani nonse ku Road Traffic, aliyense ndi traffic register card yake, dzina lisinthidwe mu MalTIS, kaundula wawo wa pakompyuta, inu mukuona. Musapatse adobadoba mapepala anu, ndipo musanyamuke pamalopo opanda inshuwalansi. Sabata yoyamba thirani oyilo watsopano, sinthani mafyuluta, muonetsenso mabuleki. Ngati injiniyo ili ndi timing belt ndipo palibe umboni wa tsiku lomwe inasinthidwa, isintheni musanayende ulendo wautali.